Thumba la Malaya Ofiira

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la sitolo ina ku Kawale, ndipo ntchito yanga yambiri ndi kuchepetsa zovala za pakaunjika ndi kusoka mayunifolomu a ana asukulu. Za zisudzo ndinalowamo chifukwa cha chikondi, osati chokonda zisudzozo ayi, koma cha mnyamata wina wa ku Biwi, wamtali, wa mawu aakulu ngati ng'oma, amene lero ndi mwamuna wanga. Iye anali m'gulu limene linkakumana Loweruka lililonse masana m'holo ya tchalitchi china cha kufupi ndi kwathu. Anandikokera kumeneko n'kumati, "Iwe susewera ayi, uzingotisokera basi." Ndinavomera. Ankhoswe athu anali atakumana kale, chinkhoswe chitatsala miyezi iwiri, ndipo mtsikana akafika pamenepo amavomera zilizonse.

Chaka chimenecho mkulu wa gululo, mphunzitsi wa pulayimale wokonda zinthu zomukulira, anaganiza zoti tichite sewero la nyimbo. Nkhani yake inali ya masiku a chipani chimodzi, pamene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi la chipani, ndipo pageti pankaima anyamata a malaya ofiira oona makhadiwo. Tonse m'gululo masiku amenewo tinali makanda kapena tisanabadwe n'komwe. Kwa ife zinali nthabwala: akazi oletsedwa mathalauzi, amuna ometedwa tsitsi pamsewu, mayi woyembekezera kugulitsidwa makhadi awiri. Tinkaseka mpaka kugwira nthiti. Lero ndikakumbukira chiseko chimenecho manyazi amandigwira.

Panafunika munthu wodziwa maimbidwe ndi mavinidwe a nthawi imeneyo, ndiye bwenzi langa anabweretsa mayi ake. Anali mayi wamfupi, wamasiye, kwawo kumpoto, koma anakhalitsa mumzinda muno. Za amuna awo ndinkangodziwa zimene mwana wawo anandiuza, kuti anamwalira ndi chifuwa iye akukwawa. Mayiwo ankatipatsa chuni, mphunzitsi n'kuikamo mawu ake atsopano. Akaima kutsogolo kwa atsikana kuwaonetsa sitepe, miyendo yawo inkavina bwino kuposa ya tonsefe, koma nkhope sinkavina nawo. Ife tikamaseka iwo ankangodikira timalize. Komabe ine ankandikonda. Ankandiphunzitsa moni wa kwawo, ndikalakwitsa n'kumati, "Lilime limeneli ukalowa nalo kumudzi kwathu akakubweza pabasi yomweyo."

Mphunzitsi anandilamula za zovala. "Sindikufuna zosoka dzulo, sisi. Ndikufuna zenizeni, zonunkha kalekale." Ndinayenda khomo ndi khomo, Kawale yense mpaka Biwi. Anthu anandibwereka madiresi ofika m'mapazi, mipango, mathalauzi otambalala kunsi, ngakhale jekete lodyedwa ndi njenjete. Ankatulutsa akuseka. Koma ndikangotchula malaya ofiira, nkhope zinkasintha. Mayi wina anayamba kusesa pamene ndinaima. Bambo wina wachikulire anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Mwana iwe, wakutuma ndani?" Anatseka chitseko ndisanayankhe. Ine ndi kupusa kwanga ndinangoti anthu akale ndi ovuta.

Malayawo ndinawapeza m'nyumba mwathu momwe.

Bambo anga ndi kalipentala, mkulu wa mpingo, munthu wosalankhulalankhula. Anandilera okha mayi anga atamwalira, ndipo sanandimenyepo ngakhale kamodzi. Pansi pa bedi lawo panali sutikesi yachitsulo mmene ankasungamo zovala za malemu mayi. Tsiku lina m'mawa, iwo atapita kukakhoma denga kwinakwake, ndinaitsegula kuti ndifunemo diresi lakale. Pansi penipeni, atakulungidwa m'nyuzipepala yachikasu ndi ukalamba, munali malaya ofiira.

Telala amawerenga chovala. Anali malaya osokedwa konkuno, kolala yake yaitali yachikale, m'mapewa mosuluka ndi dzuwa. Pachifuwa cha kumanzere panalibe thumba. Panangotsala malo ake, kabwalo ka ngodya zinayi kofiira psuu pamene dzuwa silinafikepo, tiulusi tili nyankhalala m'mbali. Thumba limenelo silinachotsedwe ndi lumo. Linachita kuzulidwa, chifukwa pangodya imodzi nsalu inali itakokeka. Ndipo poona kuti malowo sanasuluke, ndinadziwa kuti mwini wake sanawavalenso kuchokera tsiku limenelo.

Ndikanawabwezera. Ndinakhala pansi nawo pamiyendo, n'kudzinamiza kuti masiku amenewo achinyamata ambiri ankangovekedwa malaya otere mowakakamiza. Koma choona ndi chakuti ndinkafuna kutamidwa. Ndinkafuna ndilowe m'holo ndi chinthu chimene Kawale yense anandimana. Ndinawachapa kwa mnzanga, kuwasita, n'kupita nawo Loweruka.

Wosewera mtsogoleri wa anyamata a pageti anali bwenzi langa, chifukwa cha msinkhu ndi mawu ake aja. Malayawo anamukwana ngati ndinachita kumuyeza. Holo yonse inaimba likhweru. Iye anazungulira akudzigunda pachifuwa. "Eee, koma mkazi ndapeza ine! Amama, taonani!"

Mayi ake anali akufoletsa atsikana. Anatembenuka. Sanayang'ane nkhope ya mwana wawo, anayang'ana pachifuwa. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene anaima, n'kuyendetsa chala m'mbali mwa kabwalo kaja, ngodya zonse zinayi.

"Wawatenga kuti?" anandifunsa osanditembenukira.

"Pakaunjika, Amayi. M'tauni."

"Oho."

Anabwerera kwa atsikana n'kuyambitsa nyimbo. Palibe wina anaonapo kanthu. Koma kuyambira tsiku limenelo sanandiphunzitsenso moni wa kwawo. Ndikakhala pakona ndikusokerera mabatani, ndikadzutsa mutu ndinkapeza maso awo ali pa ine, dwii, ngati akufuna nkhope ya munthu wina pankhope yanga. Ndinayamba kuopa Loweruka. Ndinkadziwa kuti akadziwa kumene malayawo anachokera chinkhoswe changa chikhoza kuthera pomwepo, ngakhale sindinkadziwa kuti akudziwa chiyani.

Kunyumba nako zinthu zinasintha. Bambo sanandifunse kanthu. Ndinangoona kuti sutikesi ija yaikidwa loko watsopano. Tinkadya pamodzi, kupemphera pamodzi, koma pemphero lawo linafupika, ndipo ankasiya ndiwo m'mbale. Tinakhala masabata atatu tikuzembana m'nyumba ya zipinda ziwiri.

Kutatsala sabata imodzi kuti sewero lionetsedwe, mphunzitsi anati ndibweretse makina kuholo kuti zovala zonse ndikonzere pomwepo. Ndinkafuna kutenga kabaza, koma bambo anati, "Ndikunyamulira panjinga yanga." Ndinakana kawiri. Kachitatu anali atamanga kale makinawo pakaliyala.

Tinafika akuyeserera chigawo cha pageti la msika. Bwenzi langa anali m'malaya aja, ndodo m'manja, akukuwa mpaka malata kunjenjemera. "Khadi! Tulutsa khadi, galu iwe!" Wosewera kalaliki wina wogwidwa pagetipo, mnyamata wanthabwala kwambiri, ankagubuduka pansi, onse akuseka. Bambo anaima pakhomo atakumbatira makina. Anayang'ana malayawo nthawi yaitali.

Mphunzitsi anawaona. "Aaa, madala, mwafika bwino! Inu munaziona ndi maso izi. Tikulondola?"

Akanangoti eya. Ndinapemphera mumtima kuti angoti eya. Koma bambo anga ntchito yokhota sapirira nayo, kaya ndi chitseko kaya ndi chiyani. Anatsitsa makina pansi.

"Sankakuwa," anatero.

"Ndiye ankatani?"

Anayenda kupita kwa kalaliki uja, osafulumira, manja kumbuyo. Anamwetulira. Kumwetulira kumeneko ine mwana wawo ndinali ndisanakuonepo.

"Mwaswera bwanji, achimwene? Kunyumba kuli bwanji? Nanga kamwanako kakukula?" Anaika dzanja limodzi paphewa pake, chala chachikulu chili pakolala, linalo n'kulitambasula. Mawu anatsika. "Tatiyeni tione kakhadi kathu kaja."

Mnyamata wanthabwala uja anayamba kupapasa m'matumba mwake zenizeni, kufuna khadi limene sanakhalepo nalo. Kenaka mphunzitsi anaomba m'manja. "Ndi zimenezo! Mwaona? Mani, uchite choncho ndendende!" anatero akuloza bwenzi langa.

Ine ndinayang'ana pabenchi pamene panakhala mayi aja. Anali ataimirira. Mpaka tsiku limenelo iwo ndi bambo anga anali asanakumane, poti zonse zinkayenda ndi ankhoswe. Bwenzi langa, nkhope ili mwee, anawakokera pafupi. "Amama, awa ndiye apongozi anga."

Mayiwo anapinda bondo pang'ono monga mwa ulemu, koma dzanja sanapereke.

"Tinaonanapo," anatero.

"Kapena," anayankha bambo, maso ali pansi. Anatuluka. Ndinawaona pawindo akukankha njinga mumsewu wafumbi, osaikwera, mpaka anakhota.

Lachitatu masana mayiwo ananditumizira uthenga kuti ndipite kwawo ku Biwi ndekha, nditatenga malaya. Ndinatseka makina n'kunyamuka. Ndinawapeza atakhala pamphasa m'nyumba, mwana wawo ali kuntchito. Sanandipatse madzi kapena kufunsa za kunyumba. Anatsegula buku lawo la nyimbo za kutchalitchi, lachikuto chakuda, n'kutulutsa kansalu kofiira kosuluka, kophwatalala ngati tsamba louma.

"Yala malayawo."

Ndinayala. Anaika kansaluko pakabwalo kaja. Kanakwana ngodya ndi ngodya.

"Kaunjika amachokera kunja, mwana wanga," anatero. "Awa ndi akonkuno."

Anandifotokozera mosakweza mawu. Amuna awo anali kalaliki ku Kanengo. Khadi anali nalo, ankaliika m'thumba la kumbuyo kwa thalauzi. Tsiku lina mayiwo anachapa thalauzilo osapisa m'matumba. M'mawa mwake ananyamuka onse kupita kumsika, mwana ali kumbuyo. Pageti anawalonjera mnyamata waulemu, anafunsa za kunyumba, anafunsa za kamwana. Amuna awo anatulutsa khadi lija litafufuma, chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chitafafanizika. Mnyamatayo analiyang'ana n'kufunsa mofatsa kuti, "Ndiye mwachita kuwachapa kumaso eni dziko?" Anawagwira amuna awo pakolala. Mayiwo analumphira mnyamatayo pachifuwa kuti amuletse, iye anawakankha, iwo n'kugwa chagada ndi mwana yemwe, thumba lili m'manja. Amuna awo anatengedwa, n'kubwerako patapita miyezi, osatha kugona chagada, akutsokomola magazi. Mvula isanagwe anaikidwa.

"Anachapa ndine," anatero. "Koma anagwira ndi bambo ako."

Ndinagwada, ndinalira mpaka mamina. Ndinapepesa bodza langa, ndinapepesa zimene sindinachite, ndipo pomaliza, poti ndine munthu, ndinafunsa za chinkhoswe.

"Sindinakuitanire kulira. Iwe si telala? Sokerera thumbali. Ndasunga chinthu cha eni zaka zonsezi, ndatopa nacho." Anatseka buku lija. "Loweruka mwana wanga avale malaya athunthu. Bambo ako abwere, akhale kutsogolo, benchi limodzi ndi ine, aonere mpaka kumapeto osaweramitsa mutu. Akatero, ankhoswe apitirize. Akapanda kubwera, usadzapondenso pano."

"Nanga iye akudziwa?"

"Akudziwa za chifuwa. Ndinalephera kumuuza ali mwana, ndalephera ali wamkulu, chifukwa ndikayamba ndiyenera kuyambira pa kuchapa. Malayawa ndi a kwanu. Udzamuuza ndiwe."

Thumbalo ndinalisoka pamanja, osati pamakina. Singano inkalowa m'timabowo takale ngati ikudziwa njira. Nditamaliza, kabwalo kofiira psuu kaja kanabisika, malaya n'kuoneka ngati sanang'ambikepo. Sindinasokepo chinthu mwaluso chotero, ndipo sindinadanepo ndi ntchito ya manja anga ngati tsiku limenelo.

Ndinawapeza bambo kuseri kwa nyumba akupala thabwa. Ndinayala malayawo pabenchi lawo la ntchito, pamwamba pa zipalo. Anasiya kupala. Ndinawauza zonse, ndi zimene mayi aja analamula. Ndinkayembekezera kuti akana, kapena andiuza kuti anali wina.

"Ababa, munthu ameneyo mukumukumbuka?"

Anakhudza thumba lija ndi nsonga ya chala. "Thumbali ndikulikumbuka," anatero. "Bamboyo ayi. Analipo ambiri."

Anatenganso chopalira chawo. Sananene kuti abwera kapena sabwera, ndipo masiku awiri otsatirawo sindinamve kukoma kwa chakudya chilichonse.

Loweruka linafika ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Holo inadzaza, ana atakwera m'mawindo, makatani athu a zitenje zolumikiza akulendewera pa waya. Ine ndinali kuseri ndi mapini kukamwa, ndikusuzumira pakampata. Mayi aja anakhala pabenchi la kutsogolo atavala zoyera za kumpingo, buku lawo pamiyendo. Pambali pawo panali malo, ndipo aliyense wofuna kukhalapo ankamubweza ndi dzanja. Ng'oma zinayamba. Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri inatha, malowo ali pululu. Ndinayamba kuganiza mmene ndikauzire anthu kuti chinkhoswe kulibe.

Bambo analowa pakati pa nyimbo yachitatu, atavala jekete lawo la mgonero. Anadutsa pakati pa anthu onse n'kukhala. Pakati pa iwo ndi mayiwo panatsala mpata wa munthu mmodzi.

Kenaka chigawo cha pageti. Bwenzi langa anatulukira m'malaya athunthu, manja kumbuyo, akumwetulira. Sanakuwe. "Mwaswera bwanji, achimwene? Nanga kamwanako kakukula?" Achinyamata a kumbuyo anayamba kuseka, koma chiseko chinazima msanga, chifukwa akuluakulu sankaseka. Gogo wina anadzuka n'kutuluka atagwira pakamwa. Bambo wina anavula chipewa. Dzanja la bwenzi langa linatera pakolala ya kalaliki, chala chachikulu pamalo ake enieni, ndipo atsikana anayamba kuimba motsitsa monga anawaphunzitsira mayi ake. Mayiwo sankayang'ana pasiteji. Anatembenuza mutu n'kumayang'ana bambo anga. Bambo anaonera mpaka kumapeto. Thukuta linkatsika m'masaya mpaka pakolala, koma mutu sanaweramitse.

Anthu ataomba m'manja, bwenzi langa analumpha pasiteji, malaya atanyowa, n'kuthamangira pabenchi lija. Anagwira dzanja la bambo anga ndi manja awiri, atagwada bondo limodzi.

"Zikomo, Ababa. Chigawo chimenechi mwandipatsa ndinu."

Mayi ake anadzuka, kukonza mpango, n'kundiuza podutsa kuti, "Uwauze ankhoswe."

Chinkhoswe chinachitika, ukwati unachitika. Apongozi anga sanandinyozepo, anandisambitsira ana onse awiri, koma m'nyumba mmene muli bambo anga sankalowamo, ndipo mwamuna wanga ankati ndi manyazi a chipongozi basi. Iye bambo anga amawakonda zedi. Amati Mulungu anamubwezera bambo. Mwana wathu woyamba anamutcha dzina lawo, ine ndili chete. Chaka chilichonse ndinkati ndimuuza, koma nthawi zonse pankapezeka chifukwa: mimba, maliro, ntchito yatha, Khirisimasi yayandikira. Apongozi anamwalira chaka chatha. Tsiku lomaliza limene ndinawaona kuchipatala anangondifunsa ndi maso, ine n'kuyang'ana kumbali.

Mwezi uno gulu lija laganiza zobwereza sewerolo, ati ana a masiku ano aone. Mwamuna wanga wanenepa, koma akuti chigawo chake sapatsa munthu wina. Anandiuza kuti ndifune malaya aja ndiwakulitse m'mbali. Ndiye Lamlungu lapitali, tikuchokera kutchalitchi, anatsegula buku la nyimbo la mayi ake, limene tsopano amayenda nalo ndi iye. Anandionetsa masamba awiri oyang'anizana pamene pali chidindo chofiirira cha ngodya zinayi, mawu a nyimbo akuonekera pansi pake.

"Kodi amama ankasungamo chiyani umu?" anafunsa. "Iwe unkacheza nawo kwambiri."

Ndinati ndikumbukira. Anandiyang'ana kanthawi, maso ake ngati a mayi ake, n'kutseka bukulo.

Dzulo ndinapita kwa bambo kukawauza kuti ndimuuza. Akalamba tsopano, manja amanjenjemera. Anangofunsa kuti, "Mwana uja adzamusintha dzina?" Zimenezo ine sindikuzidziwa.

Malayawo ali pamakina anga, ndamasula kale misoko ya m'mbali. Mwamuna wanga ndamuuza kuti abwere kukhonde mawa masana adzayese, ndipo abweretse buku lija. Ndabwereka mpando wachiwiri kwa mwini sitolo.